Chilungulira chosatha: kuyezetsa GERD kumayenda bwanji ndipo mukonzekere motani

Chilungulira cha apo ndi apo aliyense amachidziwa, wadya mpaka kukhuta kwambiri usiku kenako wagona pompo, pakati pa usiku pachifuwa payamba kuotcha. Chimenecho si nkhani kwenikweni. Nkhani ndi pamene chikubwera kawiri kapena kuposa pa sabata, miyezi ikungopita, mkamwa mukubwera timadzi towawasa, ukawerama kuti umange nsapato chakudya chikubwerera kukhosi, ndiye apa madokotala amayamba kuganiza za GERD, matenda a asidi wa m'chifu wokwera kummero. Mwachidule, pomwe mmero umalumikizana ndi chifu pali kamnofu kozungulira kamene amakatchula LES, ntchito yake ndi kutseguka chakudya chikamatsika kenako n'kutseka, ndiye kakamalekerera asidi wa m'chifu amakwera n'kumaotcha mmero umene sunapangidwe kuti uzilimbana ndi asidi.

Chimene ndikufuna mugwire ndi ichi, palibe tesiti imodzi imene imayankha zonse. Iliyonse ili ndi funso lake. Endoscopy imaona ngati asidi waononga, pH imawerenga asidi amene akukwera, manometry imaona mphamvu ya minofu, basi. Anthu ambiri amakhumudwa chifukwa ayezedwa ndi tesiti yoyankha funso lina pomwe iwo amadikira yankho la funso lina, ndipo enanso amaononga zotsatira okha posadziwa kuti mankhwala amene akumwa akubisa matendawo.

Yambani ndi mtima

Ngati vuto lanu lalikulu ndi kupweteka pachifuwa, musathamangire kunena kuti ndi asidi. Ululu wa mtima ndi wa mmero umamveka malo amodzi ndipo ngakhale dokotala sangasiyanitse pongomva nkhani yanu. Ululu wothina, wobwera mukamayenda ndawala kapena kukwera masitepe, wofalikira kudzanja kapena kunsagwada, wobwera ndi thukuta kapena befu, umenewo ndi wa ECG, tesiti ya mtima, lero lomwe osati wa mapilisi a asidi ngati omeprazole. Mtima akauona kuti uli bwino ndiye mukambe za mmero.

Palinso zizindikiro zimene zikakhalapo simuyeneranso kuyamba ndi kuyesa mapilisi, mumapita ku endoscopy mwachangu: chakudya kukakamira pomeza, kumva kuwawa pomeza, kuonda osadziwa chifukwa, kusanza magazi, chimbudzi chakuda bii chonata, kuchepa magazi m'thupi, kusanza kosalekeza. Izi muwauze a dokotala poyamba penipeni, musadikire akufunseni.

Mapilisi nawonso ndi tesiti

Munthu amene ali ndi chilungulira ndi kubwerera kwa chakudya basi, popanda zoopsa zija, nthawi zambiri samulowetsa chilichonse mkamwa. Amamupatsa mankhwala ochepetsa asidi a gulu la PPI, monga omeprazole, esomeprazole, lansoprazole kapena pantoprazole, kamodzi pa tsiku kwa masabata 8, n'kuona ngati zisintha. Malangizo a American College of Gastroenterology a 2022 amanena zomwezi.

Koma apa ndi pomwe ambiri amaphonya. PPI si wakumwa pamene chayamba kuotcha. Amamwedwa mphindi 30 mpaka 60 musanadye chakudya cham'mawa, tsiku lililonse, chifukwa mankhwalawa amatseka timapampu ta asidi tikakhala kuti tadzuka, ndipo chimene chimatidzutsa ndi chakudya. Ukamwa pogona m'mimba mulibe kanthu kapena ukamamwa lero mawa ayi, pakutha pa masabata 8 ubwera n'kunena kuti sanagwire ntchito pomwe sunawapatse mpata n'komwe.

Komanso kupeza bwino ndi PPI si umboni wokwanira kuti ndi GERD. Zilonda za m'mimba zimamva PPI, matenda ena a mmero otchedwa eosinophilic esophagitis nawo ena amamva, ndiye pali ena amangopeza bwino chifukwa akumwa kanthu. N'chifukwa chake ngati masabata 8 atha osasintha, kapena mwasiya mankhwala zabwereranso, kapena zikuoneka kuti mudzamwa moyo wonse, ndi bwino kuyezetsa zenizeni kusiyana n'kumangoonjezera mlingo chaka ndi chaka.

Endoscopy

Iyi ndi ija ya kachubu kofewa kokhala ndi kamera ndi getsi kumapeto, kamalowa mkamwa, kutsika mmero, m'chifu mpaka poyambira matumbo aang'ono. Anthu amaiopa kwambiri kuposa mmene ilili, ntchito yeniyeniyo nthawi zambiri sipitirira mphindi 10 kapena 15.

Kukonzekera kwake, musadye kwa maola 6 mpaka 8, madzi oyera ena amalola mpaka maola 2 isanayambe koma tsatirani pepala limene akupatsani. Ngati muli ndi shuga funsani kuti insulin kapena mapilisi mumwe bwanji poti simudya. Ngati mumamwa mankhwala osungunula magazi monga warfarin kapena clopidogrel nenani pasadakhale koma musasiye panokha. Ndipo chachikulu, funsani za PPI. Ngati cholinga ndi kufufuza ngati muli ndi GERD, zimakhala bwino kusiya PPI kwa masabata 2 mpaka 4 isanachitike, chifukwa mankhwalawa amapoletsa zilonda, ndiye kamera ikalowa ipeza mmero wosalala bwinobwino pomwe mwezi wathawo munali mabala. Masabata amenewo amavuta, ena asidi amabwera mwaukali atangosiya, funsani ngati mungamamwe ma antacid otafuna aja kuti mupirire. Koma ngati akukutumizani chifukwa cha zizindikiro zoopsa zija, musachedwetse tesiti chifukwa chodikira masabata.

Pa tsikulo mumagona chammbali cha kumanzere, mano oikirira amachotsa, amakuikani kapulasitiki koluma kuti musalume chubu. Ena amangopopera mankhwala kukhosi, owawa ndithu, ndipo khosi limamveka ngati latupa ngakhale silinatupe, ena amabaya jakisoni wogonetsa pang'ono. Povuta ndi pamene chubu chikudutsa pakhosi, thupi limafuna kusanza, pamenepo ingopumani pang'onopang'ono ndi mphuno, malovu alekeni atuluke musalimbane nawo kumeza. Kupuma sikutsekeka ayi, chubu chili njira ya chakudya osati ya mpweya. Amapopera mpweya kuti aone bwino ndiye mudzageya, manesi anazolowera musachite manyazi. Akafuna kutapa kanyama kokayeza ku labu simumva kuwawa. Mukatha dikirani dzanzi la pakhosi lithe musanamwe kanthu kuopa kutsamwa, ndipo ngati anakugonetsani bwerani ndi munthu wokuperekezani, galimoto musayendetse tsiku limenelo ngakhale mukudzimva kuti muli bwino.

Ndiye ripoti lija. Mukaona mawu oti LA grade ndi kalembera wa Los Angeles, amagawa mabala a mmero kuyambira A mpaka D. A ndi timabala tosapitirira mamilimita 5, B topitirira mamilimita 5, C ndi pamene mabala alumikizana koma sanafike 75 peresenti ya kuzungulira kwa mmero, D afika kapena kupitirira pamenepo. Akatswiri amene anapanga mgwirizano wa Lyon, woyamba mu 2018 ndipo wachiwiri Lyon 2.0 mu 2023, mu wachiwiriwu amati B, C ndi D ndi umboni wokwanira wa GERD, chimodzimodzi mmero wopanikizika chifukwa cha zipsera za asidi, ndi Barrett's esophagus yotsimikizidwa ku labu. A payekha sakwanira chifukwa amapezekanso mwa anthu abwinobwino. Barrett's ndi pamene khungu la mkati mwa mmero kumunsi lasintha n'kufanana ndi la matumbo, dzinali likuchokera kwa dokotala wa maopaleshoni Norman Barrett amene analemba za izi mu 1950. Ambiri amene ali nayo sadwala khansa, koma chiopsezo chimakwera ndiye amafunika kumawaonanso pakapita nthawi, ndipo n'chifukwa chake bambo wopitirira zaka 50 amene wakhala ndi chilungulira zaka zambiri, wonenepa pamimba kapena wosuta fodya, dokotala angamuuze kuti aonedwe ngakhale mapilisi akumuthandiza. Ripoti lingatchulenso hiatal hernia, kutanthauza kuti kagawo ka chifu kakwera kulowa m'chifuwa.

Tsono imvani ichi, anthu ambiri a chilungulira, oposa theka, endoscopy yawo imatuluka yabwinobwino. Sizikutanthauza kuti mukunama kapena kuti GERD mulibe. Zikungotanthauza kuti kamera sinaone mabala. Kamera siona asidi akukwera 2 koloko usiku muli mtulo. Apa ndi pomwe pH imabwera.

Kuyeza pH kwa maola 24

Kwa ine iyi ndi tesiti imene imayankha funso lenileni, asidi akukwera kangati, akukhala nthawi yaitali bwanji, ndipo kodi pamene mukumva kuotcha ndi pomwedi asidi wakwera? Ndi tesitinso imene wodwala ali ndi mbali yaikulu, mukhoza kuikonza kapena kuiononga nokha.

Kawaya kake n'kowonda, pafupifupi mamilimita 2. Amapaka mankhwala a dzanzi m'mphuno, n'kukalowetsa mukumwa madzi pang'onopang'ono kuti katsike, misozi imatuluka, mwina muyetsemula, zikatero kakhazikika. Nsonga yake amaiika masentimita 5 pamwamba pa LES, kunjaku amamata ndi pulasitala patsaya n'kukadutsitsa kuseri kwa khutu mpaka pa kamakina kamene mumakoleka paphewa kapena palamba. Kenako mumapita kwanu, mawa lake mubwera adzachotse, kuchotsako ndi masekondi chabe.

Musanapite, ngati akuyezani musali pa mankhwala, PPI mumasiya masiku osachepera 7, ena ochepetsa asidi monga famotidine masiku ochepa, ma antacid tsiku lomaliza. Funsani masiku enieni ndipo alembeni.

Tsiku la tesiti khalani mmene mumakhalira masiku onse. Ambiri akaona kawaya pamphuno amangogona pampando tsiku lonse, kudya pang'ono, kupewa zonse zimene zimawayambitsira vuto, ndiye kamakina kalemba tsiku labwino limene m'moyo wawo kulibe, zotsatira n'kutuluka zoti alibe vuto. Ayi, idyani zimene mumadya, nthawi imene mumadyera, gwirani ntchito, weramani, gonani nthawi yanu ndipo ngati mumagonera pilo mmodzi musaonjezere. Kumeza kumamveka zachilendo chifukwa kawaya kamakoka pang'ono koma kudya kumatheka. Zopewa ndi zochepa, kamakina kasanyowe ndiye kusamba thupi lonse kudikire mawa, chingamu ayi, ndipo musamangopsontha zakumwa zowawasa kapena za gasi tsiku lonse chifukwa sensa siidziwa ngati asidi wachokera kumwamba kapena kumunsi, imwani pa nthawi ya chakudya n'kulemba.

Mabatani aja ndiye mtima wa tesiti. Pali loti ndayamba kudya ndi ndamaliza, loti ndagona ndi ndadzuka, ndi la zizindikiro. Nthawi ya chakudya amaichotsa powerengera ndiye mukaiwala kudina zisokoneza. La zizindikiro dinani pomwepo mwamva kuotcha kapena mwakhosomola, osati mukamaliza kuyankha foni, chifukwa kompyuta imayang'ana mphindi 2 zokha batani lisanadinidwe kuti ione ngati munali asidi. Mwachedwa mphindi 5, chizindikiro chija chioneka ngati chinangobwera chokha. Dinani kamodzi pa chizindikiro chimodzi, ndipo polemba pa pepala gwiritsani ntchito wotchi ya pa kamakinako osati ya pa foni yanu.

Pa zotsatira nambala yaikulu ndi AET, gawo la nthawi imene pH ya mmero inali pansi pa 4, kutanthauza kuti mmero munali asidi. Kupitirira 6 peresenti, amene pa maola 24 ndi pafupifupi ola limodzi ndi mphindi 26, ndi GERD. Pansi pa 4 peresenti ndi zabwinobwino, pajatu aliyense asidi amakwerako pang'ono makamaka akangodya. Pakati pa 4 ndi 6 ndi pokayikitsa, pamenepo amayang'ana zina, monga kuti asidi anakwera kangati, kupitirira ka 80 pa tsiku kumalozera ku GERD, kosafika 40 ndi kwabwino. Mudzaonanso DeMeester score, yochokera pa ntchito ya Johnson ndi DeMeester ya 1974, imene malire ake ndi 14.72, madokotala a opaleshoni amaikondabe. Ndiye pali SI ndi SAP, zoonetsa ngati zizindikiro zanu zikugwirizana ndi asidi, SI ya 50 peresenti kapena kuposa ndi SAP yopitirira 95 peresenti ndiye kuti zikugwirizana. Ziwiri zomalizazi zimachokera pa batani lija basi.

Mawaya ambiri masiku ano amayezanso impedance. Iyi imazindikira chilichonse chodutsa mmero, madzi kapena mpweya, chikutsika kapena chikukwera, kaya ndi cha asidi kaya ayi. Imathandiza kwa munthu amene ali pa PPI koma zinthu zikubwererabe kukhosi, chifukwa mankhwala amachotsa ukali wa asidi koma saletsa kukwerako. Imagwiranso anthu amene amameza mpweya n'kuugeya pomwepo osadziwa.

Funso loti muyezedwe muli pa mankhwala kapena ayi lisakudutseni, ndipo lamulo lake ndi losavuta. Ngati GERD sinatsimikizidwepo, muyezedwe mutasiya PPI, chifukwa funso ndi loti kodi matendawa alipo? Ngati inatsimikizidwa kale, mwina ndi LA grade C kapena pH yakale, koma mukuvutikabe, muyezedwe muli pa PPI ndi impedance, chifukwa funso tsopano ndi loti n'chifukwa chiyani mankhwala sakukwanira. Munthu wosatsimikizidwa akayezedwa ali pa PPI n'kupeza AET yotsika, palibe chimene waphunzira, kaya alibe matenda kaya mankhwala akugwira, sizidziwika.

Kwa amene kawaya ka pamphuno sangakapirire pali kakapisozi kopanda waya, kodziwika kwambiri ndi Bravo. Amakamata kukhoma la mmero pa nthawi ya endoscopy, masentimita 6 pamwamba pomwe khungu la mmero limakumana ndi la chifu, ndipo kamatumiza manambala ku kamakina kwa maola 48 mpaka 96. Ubwino wake munthu amadya ndi kuyenda momasuka, komanso masiku ambiri amagwira bwino vuto chifukwa asidi sakwera mofanana tsiku lililonse. Kamakina kazikhala pafupi nanu osapitirira mita imodzi, ngakhale pogona. Ena amamva kanthu pachifuwa akamameza. Pakapita masiku angapo kamagwa kokha n'kutuluka ndi chimbudzi, simuyenera kukasaka, koma sikani ya MRI musapange kwa masiku 30, ndipo ngati muli ndi pacemaker, kamakina kothandiza mtima kugunda, nenani asanakuikeni. Kuipa kwake kamayeza asidi yekha, impedance kalibe.

Manometry ndi barium

Manometry siipeza GERD, izi zidziwike. Ndi kachubu kena kodzera m'mphuno, muli maso chifukwa muyenera kumeza akakuuzani, amakupatsani madzi mamililita 5 maulendo 10 mutagona, kenako ena mutakhala tsonga, ndipo chovuta n'choti pakati pake musameze ngakhale malovu adzadze. Imaonetsa pomwe LES ili kuti kawaya ka pH kaikidwe malo oyenera, n'chifukwa chake ziwirizi amakonda kupanga tsiku limodzi. Koma ntchito yake yaikulu ndi kugwira matenda ofanana ndi GERD monga achalasia, pomwe LES ikukana kutseguka ndipo chakudya chimaunjikana mmero n'kumabwerera. Tangoganizani munthu wotere atamupanga opaleshoni ya Nissen fundoplication yomangitsa pakhomo pa chifu, khomo lokana kale kutseguka aliwonjezera loko. Ndiye opaleshoni ya GERD isanachitike manometry ndi yosadumphika. Ngati mumamwa mankhwala a ululu monga morphine, codeine kapena tramadol nenani, amasintha zotsatira.

Barium ndi ija mumamwa madzi oyera olemera okoma ngati choko akukujambulani X-ray. Imaonetsa bwino hernia ndi malo opanikizika, koma kuona barium akukwera kamodzi sikutsimikiza GERD ndipo kusamuona sikuichotsa. Mukatha imwani madzi ambiri chifukwa amadzimbitsa, chimbudzi chiyera kwa tsiku limodzi kapena awiri musadabwe. Amayi oyembekezera sapanga, ndipo kunena zoona chilungulira cha pakati nthawi zambiri sichifuna tesiti iliyonse, chimachepa akabereka.

Sikani ya pamimba ndi kuyeza magazi sizionetsa GERD. Zimathandiza kupeza zina, miyala ya m'ndulu kapena kuchepa magazi. Kuyeza H. pylori nakonso ndi nkhani ya zilonda ndi kupweteka kwa m'mimba, kachiromboka si kamene kamayambitsa GERD.

Amene vuto lawo lili pakhosi pokha, chifuwa chouma chosatha, mawu osasa, kumangokonza kukhosi, popanda chilungulira, asamale pang'ono. Dokotala wa khosi akaona kufiira ndi kamera yake amatha kunena kuti ndi asidi, koma kufiira kumeneko kumabweranso ndi fodya, chimfine cha ziwengo, kukuwa, ngakhale kukhosomola komweko. Kwa anthu amenewa pH isanayambe miyezi ya mankhwala ndi yanzeru, ndipo chifuwa chokhalitsa chiyezedwenso mbali ya mapapo, TB ndi mphumu.

Zonse zikatuluka zabwino

Zimachitika ndithu. Endoscopy yoyera, AET yotsika, koma munthu akuotchedwabe. Ngati SAP ikuonetsa kuti zizindikiro zimabwera pomwe asidi wakwera ngakhale ndi wochepa, amati reflux hypersensitivity, mmero wanu umamva msanga zimene ena samva. Ngati sizikugwirizana n'komwe amati functional heartburn. Onsewa ndi matenda odziwika, ali m'kalembera wa Rome IV wa 2016, ululu wake ndi weniweni, kungoti kuonjezera PPI sikuthandiza kwenikweni ndipo opaleshoni kwa wa functional heartburn ndi kungodzivulaza. Chithandizo chake chimakhala mankhwala ochepetsa kumva kwa mitsempha, ena ndi omwe aja a matenda a nkhawa koma pa mlingo wochepa, ndiye a dokotala akakulemberani amitriptyline musaganize kuti akuti mutu wanu sukuyenda.

Popita kukamva zotsatira tengani mapaketi a mankhwala onse amene mumamwa, ngakhale ogula nokha, chifukwa ibuprofen, aspirin, doxycycline ndi mapilisi ena a BP monga nifedipine amatha kuyambitsa kapena kukulitsa zizindikiro zomwezi. Pemphani kope la ripoti lililonse, ndipo pa la endoscopy ndi la pH lembani ndi cholembera pakona ngati munali pa PPI kapena munasiya, ndi masiku angati. Maripoti ambiri satchula zimenezi, ndiye dokotala wina amene adzakuoneni patapita zaka akaona AET ya 3 peresenti funso lake loyamba lidzakhala lomwelo.